Katatu Patebulo

Lachiwiri pa 11 Malichi, dzuwa litapendeka, a Mafiriji anayankhula. Kuyambira pa 20 Januwale, tsiku limene sitiroko inawagwetsa kuseri kwa firiji ya mwini butchala, sipanala ili m'manja, pakamwa pawo panali pasanatuluke mawu ena kupatula amodzi okha: zikomo. Ndipo zimene anayankhula tsikulo sizinali Chichewa.

Dzina lakuti a Mafiriji linali la ntchito. Firiji ikasiya kuzizira m'sitolo, m'bala kapena m'nyumba ya munthu, oitanidwa anali iwo, ndipo ankayamba agunditsa khutu pachitsulo asanatsegule chikwama cha zida. Mkazi wawo ankasoka mayunifomu kufakitale, koma pamdadada wa nyumba zosanjikizana pamene ankakhala, aliyense ankamutcha make Wayilesi. Wayilesi anali mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana wa Sitandade 7, ndipo dzinalo anamupatsa ndi bambo ake omwe. "Mwana uyu anabwera wopanda batani lozimitsira," ankatero. Ankayankhula akudya, akusamba, ngakhale akulemba homuweki. Chilichonse chimene diso laona m'buku, pakamwa pankalengeza.

Sitiroko inatenga dzanja lamanja, inalemeretsa mwendo wa mbali yomweyo, n'kusiya mawu amodzi aja. Ukawapatsa madzi, zikomo. Ukawaponda chala mwangozi, zikomo. Akakwiya, zikomo yomweyo inkatuluka youma ngati mwala, maso ali psu. Mutu nawo sunali wodalirika. Kuchipatala dokotala anawafunsa ngati ali ndi ana khumi, iwo n'kugwedeza mutu kuvomera. Anawafunsa ngati ali m'chipatala, iwo n'kupukusa kukana.

"Musamaukhulupirire mutuwo, mayi," dokotalayo anauza make Wayilesi. "Inde ndi ayi zasochera njira. Kaya akumva zochuluka bwanji, panopa sitingadziwe."

Lamlungu pa 9 Malichi kunabwera alamu, mkulu wawo wa a Mafiriji, dalaivala wa malole wopuma pantchito. Anakwera masitepe akupumira m'mwamba, nakhala pampando wa pafupi ndi chitseko, chipewa chili pabondo.

"Mlamu, tchuthi chanu chitha liti?"

"Lolemba pa 17 ndikayambe. Apo ayi makina anga apatsa wina."

"Ndiye mng'ono wangayu azitsala ndi ndani? Mwana kusukulu, inu kuntchito, iye m'mwamba muno ngati nkhunda. Akagwa m'bafa adzamudzutsa ndani, firiji?" Anazunguza chipewa chija pabondo. "Kwathu n'kutali, sindikukana, ulendo wa tsiku lathunthu. Koma nyumba ndi yapansi, bwalo lilipo, akazi anga amakhala pakhomo. Chibale n'fupa, sichiola. Loweruka ndibwera ndi galimoto."

"Eni akewo tawafunsa?" anatero make Wayilesi.

Alamu anatembenukira mng'ono wawo, amene anakhala kumapeto kwa tebulo, dzanja lakufalo lili pamiyendo. "Iwe, Loweruka tipite kwathu, eti?"

"Zikomo," anatero a Mafiriji.

"Mwamva nokha, mlamu."

Make Wayilesi anayang'ana amuna ake. Zonse zimene alamu ananena zinali zoona, ndipo sananene mwankhanza. Msana wake unali utatheratu ndi kudzutsa ndi kugoneka munthu wamkulu, moti nthawi zina ankadzipeza akulakalaka Loweruka litafika, kenaka n'kuchita manyazi ngati wagwidwa akuba. Koma chimene chinkamudya mumtima n'chakuti munthu amene anakhala naye zaka zonsezi anali kudzanyamulidwa ngati kabati, popanda wodziwa ngati akufuna kupita kapena ayi. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, amatero akuluakulu. Nanga wamva m'mimbayo akakhala kuti sangatsegule, ndipo inu simukudziwa n'komwe ngati m'chipindamo mudakali munthu?

Ndiye linafika Lachiwiri lija.

Make Wayilesi anali pasinki akutsuka makapu. A Mafiriji anali pamalo awo, akuyang'ana khoma. Wayilesi anaponya chikwama pansi, nayala buku la Chingerezi patebulo.

"Madamu ati Lachisanu kuli mayeso a aneni amwano. Wolephera akolopa kalasi sabata yonse."

"Amwano atani?" anafunsa mayi ake osatembenuka.

"Aneni enawo ndi aulemu, amayi. Ukafuna kunena zakale umangowamangirira kamchira kumapeto, zatha. Koma awa aliyense ali ndi khalidwe lakelake. Palibe lamulo. Kungoloweza basi, atatuatatu, ngati manambala a foni."

"Ndiye loweza, usandiuze ine."

Anaphimba tsambalo ndi chikhato n'kuyamba mokuwa, monga mwa chizolowezi chake. "Beat, beat, beaten. Become, became, become. Begin, began..." Anaima. "Begin, began... iii, chiyani kodi? Begin, began..."

"Begun."

Make Wayilesi anayamba wayang'ana kuchitseko, poganiza kuti mwalowa munthu. Chitseko chinali chotseka. Atatembenuka anaona dzanja lamanzere la amuna ake litakwera m'mwamba, n'kugwera patebulo, pha! Linakweranso, pha! Ndipo pa kugunda kulikonse pankatuluka mawu.

"Bite, bit, bitten. Blow, blew, blown. Break, broke, broken."

Sanali mawu a munthu wodwala. Sanalinso mawu amene make Wayilesi ankawadziwa, aja okhuthala oyankhira foni ya makasitomala. Awa anali okwera pang'ono, oyenda ndi kanyimbo, awiri oyamba m'mwamba, achitatu pansi, ngati mnyamata waima kutsogolo kwa kalasi manja ali kumbuyo. Mlomo umene unkakanika kugwira madzi unkapinda mawu achilendowo bwinobwino, osaphonya. Chikhalireni m'banja, Chingerezi chimene make Wayilesi anamvapo kwa amuna ake chinali mayina a zitsulo za m'firiji basi.

Madzi ankangothira musinki. Panalibe wokumbuka kutseka mpopi.

Wayilesi anachotsa chikhato patsamba paja nayamba kulondola ndi chala. Bambo ake anatsika mzere wonse, chala cha mwana chikuthamangira pambuyo. Anafika pamene Madamu analekezera, napitirira. Mwana anatembenuza tsamba. Anatembenuzanso lina. Mawu ena amene ankatchula munalibe n'komwe m'bukumo, koma ankabwera m'malo mwake, motsata alifabeti, ndipo dzanja silinaphonye kugunda.

"Write, wrote, written."

Dzanja linagwa komaliza n'kukhala pomwepo. A Mafiriji analiyang'ana ngati la munthu wina. M'nyumbamo munangotsala kulira kwa firiji ndi kwa madzi. Wayilesi anali kukamwa yasa, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire analibe choti alengeze.

Make Wayilesi anadzapezeka atagwada pambali pa mpando, manja ali thovu lokhalokha. Zinali ngati wakhala akusesa pakhomo la nyumba yotsekedwa, aliyense akumuuza kuti eni ake anasamuka, kenaka n'kuona nyale ikuyaka pawindo.

"Bambo a Wayilesi," anatero motsitsa. "Ndine ndani ine? Tanditchulani."

Anamuyang'ana. Milomo inagwedera, khosi linatupa misempha, lilime linafunafuna m'kamwa.

"Zikomo," anatero, ndipo msozi unatsika mbali yakufayo.

Lachitatu zinachitikanso chimodzimodzi. Wayilesi akangoyamba awiri oyamba n'kuima, bambo ake ankamaliza, dzanja n'kuyamba kugunda, ulendo mpaka kumapeto. Mwana anayesa kuwayambitsira pakati, anatola pomwepo. Anayesa kulowetsa dzina lake m'kanyimbo kaja, dzanja linaima, nkhope n'kuchita makwinya.

Lachinayi linali tsiku lawo la kuchipatala. Anatsika masitepe mothandizidwa ndi mlonda wa pamdadada, napita kwa mayi wophunzitsa odwala kuyankhula. M'chipinda chake a Mafiriji sananene kanthu koma zikomo, koma mayiyo sanakayike zimene anauzidwa.

"Zimachitika," anatero. "Ena amatha kuwerenga manambala mpaka khumi, ena pemphero, ena nyimbo yonse, koma osatha kupempha madzi. Zimene munthu analoweza ali mwana, mobwerezabwereza, zimasungidwa kwina. Moto ukapsereza nyumba, nthawi zina kachipinda kamodzi kamatsala."

"Ndiye kuti akumva? Akudziwa zimene zikuchitika?"

"Zimenezo sindingakulonjezeni. Kuloweza n'kwina, kuganiza n'kwina. Pitirizani, musasiye. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kudekha make Wayilesi akanatha, koma Loweruka linali mkuja.

Lachisanu Wayilesi anabwera akuvina pamasitepe. Aneni amwano anawakhoza onse, ndipo Madamu anafunsa ngati kunyumba kwabwera mphunzitsi wapadera. "Ndawauza kuti ee, wokonza mafiriji." Homuweki ya kumapeto kwa sabata inali ina: ziganizo zoti mwana achonge zolondola n'kuika mtanda pa zolakwika. Anayamba kuziwerenga mokweza, koma sanapite patali.

"Amayi, ababa akundisokoneza. Angoti go, kenaka go go go."

Make Wayilesi anali kuchipinda akupinda zovala za amuna ake kuika m'sutikesi. Anamva kugogodako, kwa mfundo za zala osati kwa chikhato, koma anaganiza kuti akufunafuna kanyimbo kawo kaja. "Asiye," anatero. "Ukamaliza mawa." Mwana anatseka buku.

Loweruka alamu anafika chakum'mawa, galimoto anaiimika pansi pa windo. Make Wayilesi anawapatsa moni, nawapempha kuti asananyamule kanthu ayambe akhala pansi.

"Pali zoti mumve, alamu. Mng'ono wanu akuyankhula."

"Akuyankhula?"

"Chingerezi."

Alamu anayang'ana mlamu wawo mwachifundo, mmene munthu amayang'anira wotopa. Komabe anakhala. Wayilesi anaima pambali pa bambo ake, nayamba: "Begin, began..." n'kudikira.

A Mafiriji ankayang'ana sutikesi imene inali pakhomo.

"Begin, began... Ababa, tiyeni. Begin, began..."

Dzanja silinakwere. Mwana anabwereza. Anayesa kuyambira pena. Anagunda yekha tebulo kuti awakumbutse.

"Zikomo," anatero a Mafiriji, youma ija.

"Lachitatu lomweli anachita," anatero make Wayilesi. "Anachita, alamu, ndikulumbira. Masamba atatu."

"Sindikuti mukunama, mlamu." Alamu anaimirira navala chipewa. "Ngakhale atalakatula buku lonse, Lolemba lisintha? Tiyeni tiyambepo kusanatenthe. Msewu ndi wautali."

Anayamba kutsitsa katundu. Mpando wa m'bafa unatsika, ndodo inatsika, jumbo ya mankhwala inatsika. Chikwama cha zida make Wayilesi anachigwira, nachisiya, nachigwiranso, osadziwa ngati n'chopita kapena chotsala. Wayilesi anakana kunyamula chilichonse. Anakhala patebulo moyang'anana ndi bambo ake, natsegula buku mwaukali mpaka tsamba linang'ambika pakona.

"Thandiza bambo ako aakulu, iwe," anatero mayi ake.

"Ndili ndi homuweki."

Ndipo anayamba kuwerenga mokuwa kuposa masiku onse, misozi ikudonthera papepala. "Nambala wani. She goed to school."

Mfundo ya chala cha a Mafiriji inagunda tebulo.

Go.

"Nambala thu. She went to school."

Go, go, go.

Alamu anali pakhomo, sutikesi ili m'manja, phazi limodzi lili kale kunja. Anaima chomwecho.

"Iwe mwana," anatero osatembenuka. "Tawerenga chinacho."

"They has two dogs."

Go.

"China."

"We have eaten."

Go, go, go.

Sutikesi inatera pansi pang'onopang'ono. Alamu anatembenuka, ndipo make Wayilesi anaona nkhope imene anali asanaionepo pa munthu wamkuluyo, ya wina amene wamva mawu a womwalira kuseri kwa khoma. Anavula chipewa.

"A Nyundo," anatero monong'ona. "Mayo ine. A Nyundo."

"Ndani ameneyo?" anafunsa make Wayilesi.

Alamu anakoka mpando nakhala, maso osawachotsa padzanja la mng'ono wawo. "Mphunzitsi wathu wa Chingerezi. Anayamba kuphunzitsa ine, kenaka uyu. Tinkawatcha a Nyundo chifukwa cha kamenyedwe kawo ka tebulo. Aneni aja mukunenawa ndi awo, m'mawa uliwonse tisanakhale pansi. Koma chinalipo china. M'kalasi mwawo munalibe kuseka mnzako, munalibe kukuwa kuti walakwa. Mmodzi ankaimirira n'kunena chiganizo, kalasi yonse n'kuweruza ndi chala padesiki. Kamodzi, chalakwika. Katatu, chakhoza. Wosadziwa ankangoyala dzanja chonchi." Anayala chikhato patebulo. "Ankati kusadziwa si mlandu. Mlandu ndi kugogoda monama. Ukagogoda motsatira anzako usakudziwa, rula inkakupeza pa mfundo zomwezo. Zaka makumi anayi zapita, ine ndinaiwala kuti kunali zotere."

"Ndiye kuti dzulo lija..." Wayilesi anayang'ana bambo ake. "Mumandichongera homuweki?"

A Mafiriji sanagogode. Ankangomuyang'ana.

"Usawafunse," anatero alamu. "Ndi pamene takhala tikulakwitsa tonse. Kwa a Nyundo funso silinkagogodedwa. Umanena chinthu ngati n'choona, enawo n'kuweruza." Anasendeza mpando pafupi, natsokomola, ndipo ananena m'Chichewa, momveka, ngati mwana wa sukulu: "Lero ndi Lachitatu."

Panapita kanthawi. Chingerezi cha m'buku chinali china. Ichi chinali chinenero chimene chinawathawa.

Go.

"Lero ndi Loweruka."

Go, go, go.

"Iwe ndiwe mkulu wanga."

Go.

"Uli ndi ana khumi."

Go.

"Uli ndi mwana mmodzi, ndipo sakhala chete."

Go, go, go.

"Ababa!" anatero Wayilesi, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Alamu analoza make Wayilesi. "Mayi awa ndi akazi anga."

Go! Kapu inadumpha patebulo.

"Pepa, pepa, bwana, ndimangoyesa." Alamu ankaseka, koma chipewa anali atachifinya m'manja ngati chovala chochapa. "Pa ana a mayi athu, wooneka bwino ndine."

Go.

"Wabodza iwe. A Nyundo akanakuthyola chala."

Anapitiriza. Anatchula za mtundu wa galimoto yawo, za dzina la msewu umene anakulira, za chala chimene a Mafiriji anadzicheka ndi lata ali mnyamata, zoona ndi zonama mosakaniza, ndipo palibe pamene chala chinaphonya. Kenaka anati, "Galimoto yanga ili ndi mafuta okwanira ulendo wonse." A Mafiriji anakweza dzanja, naliyala patebulo, chikhato pansi.

Apo alamu anasiya kuseka. "Sangadziwe," anatero motsitsa. "Sanaione geji. Mlamu, munthuyu alimo. Alimo yense."

Make Wayilesi anali ataima chogwira m'mphepete mwa sinki. Ankaganiza za masabata onse aja, mmene ankayankhulira za amuna ake iwo ali pomwepo, za matewera, za kulemera kwawo, za kutopa kwake. Ankaganiza za Lamlungu lija. Zonsezo zinkalowa, n'kukakhala m'kati mmene munalibe khomo lotulukira. Ndipo khomo lake linali ili: kachizolowezi ka mphunzitsi amene iye sanamuonepo, kokhomeredwa m'chala cha mnyamata ndi rula, kodikira zaka zonsezi kuti kamtsikana kena kadzawerenge homuweki mokuwa.

"Chiganizo chatsalacho si changa," anatero alamu. "Nenani ndinu."

Make Wayilesi anachita mantha. Mpaka nthawi imeneyo ankaganiza kuti choopsa n'kusadziwa. Tsopano anaona kuti yankho likhoza kukhala lililonse. Munthu amene anamva zonse zija, amene anamva mkazi wake akulira ndi msana m'bafa, akanatha kusankha kupita. Anapukuta manja pa epuloni ngakhale anali ouma, nadzakhala pampando woyang'anana nawo.

"Bambo a Wayilesi," anatero. "Inu mukufuna kupita ndi akulu anu lero."

A Mafiriji anayang'ana sutikesi. Anayang'ana mkulu wawo nthawi yaitali. Chala chinapindika.

Go.

Onse anadikira kuti amve ngati kubwere kugogoda kwina. Sikunabwere.

"Mukufuna kutsala kuno."

Go, go, go.

Wayilesi anakuwa, koma bambo ake aakulu anamuletsa ndi dzanja. Anawerama, nayang'ana mng'ono wawo m'maso, ndipo nthabwala zinali zitatha.

"Lolemba mlamu apita kuntchito. Mwana apita kusukulu. Iwe ukudziwa zimenezo."

Go, go, go.

"Ukagwa muno, ugona pansi mpaka madzulo. Ukudziwanso."

Go, go, go.

"Ndipo ukufunabe kutsala."

Go, go, go.

Alamu anapumira m'mwamba, namenya bondo ndi chipewa. "Mutu uwu unali wouma kuyambira kale. Ine ndimati sitiroko yaufewetsa." Anaimirira. "Iwe Wayilesi, tiye ukandithandize. Mpando wa m'bafa uja ukwerenso masitepe. Bambo akowa akufuna kundipha ndisanakalambe."

"Munakalamba kale, bambo aakulu."

Go, go, go.

Katundu yense anakweranso. Alamu anaimbira foni akazi awo, nayankhula nthawi yaitali pakhonde, ndipo atabwerera anati agona pasofa sabata imodzi, mpaka Loweruka linalo, kuti mlamu wawo akayambe ntchito mtima uli m'malo. Kupitirira apo sakanatha, kwawo kunali zowadikira. Za amene adzakhale ndi wodwala pambuyo pake anati akambirana, ndipo anawonjeza kuti, "Atatu. Uyu azigogoda."

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, alamu anatenga Wayilesi kukagula buledi. Homuweki inali itatha, yochongedwa kawiri, ndi pensulo ndi chala. Make Wayilesi anabweza chikwama cha zida pamalo ake pansi pa bedi, nadzakhala patebulo. Kwa nthawi yoyamba chichokereni kuchipatala sanadziwe poyambira, ngati mtsikana amene wasiyidwa yekha ndi mlendo.

"Tiyi amene ndimakupangirani amachepa shuga," anatero.

Go, go, go.

"Masabata onsewa! Ndiye osanena bwanji?" Anadzigwira pakamwa. Mbali yamoyo ya nkhope ya amuna ake inakwera pang'ono, ndipo anazindikira kuti akuseka.

"Zija ndinkanena m'bafa, zoti ndatopa, munazimva."

Go, go, go.

"Munakwiya nane."

Go.

Anakhala kanthawi akuyang'ana dzanjalo. Linali dzanja wamba, la zipsera za lata, mafuta akale akadali m'mphepete mwa zikhadabo. Firiji inadzuka n'kuyamba kulira, ndipo anaona amuna ake akupendeketsa mutu kumvetsera, monga ankachitira kale.

"Mukundidziwa ine."

Go, go, go.

"Dzina langa mukulidziwa."

Go, go, go.

"Tsiku lina mudzalitchula."

Dzanja linakwera. Chala chinapindika, n'kukhala m'malere. A Mafiriji anayang'ana mkazi wawo, milomo ikugwedera pang'ono. Kenaka zala zinatambasuka chimodzichimodzi, ndipo analiyala dzanjalo patebulo, chikhato pansi.

Lolemba pa 17 Malichi make Wayilesi anakayamba ntchito. Pofika tsikulo a Mafiriji anali ndi aneni a a Nyundo, zikomo, ndi chala. Dzina lija anali asanalitchule, ndipo wodzakhala nawo alamu akachoka anali asanapezeke.